Bwanji masaiti a poker amadula ndalama pa zomwe wawina?

Funso lachokera kwa m'bale wathu wina wa ku Salima, akuti amagwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay, poker anaphunzira kwa alendo obwera pa lojipo ndipo pano amasewera pa foni akaweruka. Walemba kuti: "Ndinawina pot ya $8 koma mu akaunti mwanga munangolowa $7.60, nditafunsa anandiyankha kuti ndi rake. Ndiye akudula za chani poti palibe munthu wogawa makadi, palibe nyumba yolipira lendi, zonse ikupanga ndi kompyuta? Kumeneku si kuba kodi?"

Achimwene, kuba ayi si kuba. Pot ndi ndalama zonse zomwe osewera aika pakati mu raundi imodzi, rake ndi gawo lomwe saiti imadulapo, ndipo masamu ake ali bwinobwino, 40 senti pa $8 ndi 5 peresenti ndipo ndi mlingo omwe masaiti ambiri amadula. Koma musaione ngati nkhani yaing'ono chifukwa ka 40 senti kameneko ndi kamene kamamaliza anthu ambiri osewera matebulo a ndalama zochepa, kuposa mnzawo aliyense amene akhala naye pa tebulo.

Tiyambe ndi kusiyana kwa poker ndi njuga zinazi zomwe tinazolowera kuno. Mukabetcha mpira, amene mukulimbana naye ndi kampani, mukaluza ndalama yanu yapita kwa iwo, ndipo phindu lawo analibisa kale mu ma odds moti inu simuliona likuchoka. Roulette ndi chimodzimodzi, ya ku Ulaya ili ndi manambala 37 koma ukalasa nambala amakulipira 35 pa 1, kampata kameneko ndi pafupifupi 2.7 peresenti ndipo ndi ka eni malo. Ndiye kuti mumadulidwa kale kulikonse, kungoti sakuonetsani. Poker ndi yosiyana, kampani siisewera nawo, ndalama imachoka mthumba mwa wosewera uyu kupita kwa wosewera uyo, ndiye atapanda kudula kanthu eni saiti sangapeze olo tambala. Zili ngati tebulo ya pool ija ya m'mabala a pa Kamuzu Road, anyamata awiri akhoza kubetcherana K5,000 koma mwini tebulo sizimukhudza kuti wawina ndani, iye chake ndi ndalama ya gemu basi, ndipo akufuna magemu achuluke, tebulo isagone. Saiti ya poker maganizo ake ndi omwewo.

Kadulidwe kake kali pawiri. Pa matebulo a cash, pomwe umakhala ndi ndalama zako n'kunyamuka nthawi yomwe wafuna, amachotsa peresenti pa pot iliyonse, pa intaneti kawirikawiri imazungulira pa 5 peresenti, m'makasino enieni imatha kufika 10. Masaiti ambiri ali ndi lamulo loti raundi ikathera poyambirira makadi atatu apakati aja asanatembenuzidwe sadula kanthu, koma si onse, ena amadulabe, ndiye muziwerenga. Kenako pali malire omwe amati cap, kuti olo pot ikule bwanji sangadule kupitirira pakutipakuti. Apa ndi pomwe pamandipweteka ine, chifukwa cap imathandiza olemera. Tiyerekeze cap ndi $3. Munthu wawina pot ya $1,000, 5 peresenti ikanakhala $50 koma amudula $3 yokha, imeneyo ndi 0.3 peresenti. Inu pot yanu ya $8 siyifika n'komwe pa cap ndiye mukulipira 5 peresenti yonse, raundi iliyonse, usiku onse. Wosauka ndi amene akulipira kwambiri tikayerekeza ndi ndalama zomwe wabwera nazo.

Pa mipikisano, ma tournament aja, n'zosavuta kuona chifukwa amalemba poyera, mwachitsanzo $10+$1. Teni ikupita ku mphoto, wani ikupita kwa eni saiti. Mukalowa anthu 100 mphoto ndi $1,000, saiti yatenga $100 ndipo yathana nazo, awine ndani awine.

Tsopano taonani mmene ka peresenti kaja kamadyera, tiwerengere mu kwacha kuti zimveke. Mwakhala anthu 6, aliyense wabwera ndi K10,000, pa tebulo pali K60,000. Tinene kuti pot imakhala ya K2,000 tikaphatikiza zazikulu ndi zazing'ono, 5 peresenti ndi K100. Pa intaneti makadi amagawidwa mwachangu kwambiri, palibe zodikira munthu asakanize makadi kapena awerenge ndalama, ndiye tinene kuti pa ola maraundi odulidwa akukwana 40, imeneyo ndi K4,000 pa ola. Mukasewera kuyambira 7 koloko madzulo mpaka 12 usiku, K20,000 yachoka pa tebulo, anthu 6 aja akulimbirana K40,000 yotsala, ndipo aliyense akapita kogona akuganiza kuti lero makadi sanandikonde, osadziwa kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse latengedwa ndi amene sanagwire khadi olo limodzi. Manambalawa ndangopereka ngati chitsanzo koma kayendedwe kake ndi komweko, ndalama imodzimodziyo imadulidwa kambirimbiri chifukwa ikuzungulira, yachoka kwa inu yadulidwa, yabwerera kwa inu yadulidwanso. N'chifukwa chake mu poker kungoposa anzako sikokwanira, umayenera kuwaposa ndi mpata waukulu kuposa rake, apo ayi ukuluza pang'onopang'ono ngakhale ukusewera bwino.

Ndiye ndalama zimenezi zimapita kuti poti kulibe wogawa makadi? Mwanena zoona kuti kompyuta siilandira malipiro, ndipo n'chifukwa chake pa intaneti mumatha kupeza tebulo ya masenti yomwe kasino yeniyeni singatsegule. Maseva, mapulogalamu a foni ndi kompyuta, anthu owakonza usana ndi usiku, kuteteza saiti kwa akuba a pa intaneti amene amaitumizira piringupiringu wabodza kuti igwe mpikisano uli mkati, zonsezi zimadya ndalama ndithu, koma si pomwe pamapita zambiri.

Boma limayamba kudya kaye. Saiti yolongosoka imakhala ndi laisensi, odziwika ndi a Malta Gaming Authority, a ku Isle of Man, a UK Gambling Commission, ndipo laisensi imalipiridwa chaka ndi chaka, pamwamba pake maloya, owerengera ndalama, ndi makampani oyesa pulogalamu yosakaniza makadi ija kuti isakondere munthu, monga eCOGRA, GLI ndi iTech Labs. Kenako msonkho. Ku UK kuyambira 2014 anayamba kudula msonkho potengera komwe wosewera ali osati komwe kampani inalembetsa, unali 15 peresenti ya phindu la njuga ndipo mu 2019 unafika 21 peresenti. Mayiko ena anachita kutsekera osewera awo mu mpanda, Italy amasewera okhaokha, France, Spain ndi Portugal anadzagwirizana mu 2017 kuti osewera awo azikumana ndipo zinayamba mu 2018, ndiye kampani imodzi imakhala ikuyendetsa masaiti angapo, uliwonse malamulo ake, msonkho wake, antchito ake. Zonsezi zimabwerera pa rake.

Kusuntha ndalama nako ndi mutu waukulu, mwina kuposa mmene anthu amaganizira. Mukaika ndalama ndi khadi la ku banki kapena kudzera ku makampani otumiza ndalama pa intaneti monga Skrill ndi Neteller, pali amene akudula pakati, ndipo makampani a makadi amaiona njuga ngati bizinesi yoopsa ndiye mitengo yake imakhala yokwera. Palinso aja amaika ndalama ndi khadi lobedwa, n'kuluza dala kwa mnzake pa tebulo, mnzakeyo n'kutapa, mwini khadi akadandaula ku banki ndalama imabwezedwa ndipo amene wapsa ndi saiti. N'chifukwa chake amakuvutitsani ndi zotumiza chithunzi cha chiphaso cha unzika kapena pasipoti musanatape, pali anthu olembedwa ntchito yongoyang'ana zimenezo tsiku lonse.

Kuti muone kuti nkhani yosuntha ndalamayi ndi yaikulu bwanji, ku America mu 2006 anakhazikitsa lamulo lotchedwa UIGEA loletsa kulandira malipiro a njuga ya pa intaneti yosaloledwa. Makampani ena monga PartyPoker anatuluka mdzikomo pompo, ena anatsala n'kumazembetsa ndalama ngati kuti ndi malipiro a mashopu a pa intaneti ogulitsa zinthu ngati mipira ya gofu ndi zibangiri. Pa 15 April 2011, tsiku lomwe osewera poker amalitcha Black Friday, boma la America linatsekera PokerStars, Full Tilt Poker ndi Absolute Poker. PokerStars inabweza ndalama za osewera ake a ku America mosachedwa chifukwa inkazisunga padera. Full Tilt zinadziwika kuti inali ndi ngongole kwa osewera ya pafupifupi $390 miliyoni pomwe m'mabanki munali pafupifupi $60 miliyoni basi, ndalama za osewera zinasakanikirana ndi zoyendetsera kampani komanso zogawana eni ake. Anthu anadikira zaka, ndipo zinatheka chifukwa mu 2012 PokerStars inagwirizana ndi boma la America kulipira $731 miliyoni n'kutenga Full Tilt. Ndikunena izi chifukwa ndalama yomwe mukuiona mu akaunti yanu ndi nambala chabe pa sikirini, ilipodi pokhapokha ngati kampani ikuisunga padera osaigwiritsa ntchito, ndipo kampani yoti ikwanitse kusakhudza ndalama zanu ikuyenera kukhala ndi kwina kopezera zake. Kwinako ndi rake. Ine ndikamva saiti ikuti ife sitidula kanthu ndimayamba ndafunsa kuti nanga akudya chani, nthawi zina yankho ndi loti akufuna akukokereni ku kasino ndi kubetcha mpira komwe phindu lake ndi lalikulu, nthawi zina yankho lake palibe ndipo pamenepo ndi poopsa.

Chitetezo cha masewera enieniwo ndiye chomwe ine ndimati chikuyenera ndalama zanu popanda kudandaula. Mu 2007 ndi 2008 zinaululika kuti pa Absolute Poker ndi UltimateBet panali maakaunti a anthu a mkati omwe amaona makadi a anzawo onse, ndipo amene anazitulukira anali osewera eni ake atasanthula mbiri ya maraundi n'kuona kuti munthu sangawine motero mwamwayi. Lero vuto lakula chifukwa kompyuta ikuposa anthu, mu 2017 pulogalamu ya Libratus ya ku yunivesite ya Carnegie Mellon inagonjetsa akatswiri pa masewera a anthu awiri, mu 2019 ina yotchedwa Pluribus inachita chimodzimodzi pa tebulo ya anthu 6. Ndiye pali anthu amaika maloboti kuti aziwasewerera, ena amatsegula pulogalamu yowauza chochita pa kompyuta ina pambali, ena amakhala atatu pa tebulo imodzi akuuzana makadi pa WhatsApp inu muli pakati pawo osadziwa. Kugwira anthu amenewa kumafuna akatswiri a masamu ndi mapulogalamu ounika maraundi mamiliyoni, ndipo saiti ikagwira imalanda ndalama n'kubwezera amene anaberedwa. Saiti yotchipa yosalemba anthu amenewa rake yake ikhoza kukhala yochepa koma mukukhala pa tebulo ndi makina.

Koma gawo lomwe limadya kwambiri, ndipo anthu sadziwa, ndi kusaka osewera. Poker siili ngati masewera a makina oti munthu mmodzi akhoza kusewera yekha 3 koloko m'bandakucha, imafuna anthu ena pa tebulo nthawi yomweyo, pa mlingo wa ndalama omwewo. Mukatsegula saiti n'kupeza matebulo opanda anthu mumatseka n'kupita kwina, ndipo simubwereranso. Komanso osewera ofooka ndalama zimawathera n'kusiya, ndiye tsiku lililonse pakufunika atsopano olowa m'malo mwawo. Apa ndi pomwe pamachokera mabonasi olandirira, zotsatsa pa TV ndi pa mpira, kulipira anthu otchuka kuti avale chizindikiro cha kampani, ndi mipikisano yolonjeza mphoto yakutiyakuti olo anthu abwere ochepa, ikapanda kudzadza kampani imaonjezera za mthumba mwake. Palinso aja amakupatsani linki kuti lembetsani apa, ambiri mwa iwo amalandira gawo la rake yanu kwa nthawi yonse yomwe mukusewera, ndiye munthu akamakukakamizani saiti inayake mwachikondi kwambiri dziwani kuti ka 40 senti kanu kaja akudyako. Makampani anaphunzira mphamvu ya kutsatsa mu 2003 pomwe Chris Moneymaker, munthu wamba wowerengera ndalama, analowa World Series of Poker, mpikisano waukulu wa poker wa ku America, kudzera pa kampikisano kotchipa ka pa PokerStars n'kukawina $2.5 miliyoni, anthu miyandamiyanda anakhamukira pa intaneti poganiza kuti nawonso zitheka. Mpaka lero akugulabe maloto omwewo, mu 2024 eni ake a saiti ya GGPoker anagula dzina la World Series of Poker pa $500 miliyoni.

Ndiye ndisakunamizeni kuti rake yonse ndi yolipirira zofunika, phindu lilipo ndipo ndi lalikulu. Mu 2014 kampani ya Amaya ya ku Canada inagula eni PokerStars pa $4.9 biliyoni, zambiri mwa izo zinali ngongole, ndipo posakhalitsa rake inakwera m'masewera ena, mphoto zobwezera osewera okhazikika zinadulidwa kwambiri moti kumapeto kwa 2015 osewera ena ananyanyala kwa masiku angapo. Sizinasinthe kanthu. Apa phunziro lake kwa ine ndi loti mtengo wa rake sutengera ndalama zomwe kampani yaononga zokha, umatengeranso kuti osewera angapirire mpaka pati asanathawe, ndipo saiti yomwe ili ndi anthu ambiri imadziwa kuti simuthawa msanga chifukwa kwinako matebulo ndi ouma.

Tsopano za inu muli ku Senga Bay, chifukwa rake ndi kudula koyamba chabe. Masaiti akuluakuluwa amayendera dola kapena yuro, inu malipiro anu ndi a kwacha, ndiye polowa mukusintha ndalama, potuluka mukusinthanso, ndipo konse kuwiri wina akudyapo. Forex mukudziwa kale mmene ikuvutira mdziko muno, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye $10 yomwe mzungu akuiona ngati ya chibwana kwa inu ndi ndalama ya ndiwo ya masiku angapo. Ambiri amadutsira kwa munthu wapakati, mumamutumizira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba iye n'kukuikirani madola, pamenepo pali mtengo wotumizira, mtengo wotapira, reti yake ya iyeyo yomwe siifanana ndi ya ku banki, ndipo tsiku lomwe wazimitsa foni mulibe kokadandaula. Onjezani bandulo. Onjezaninso netiweki ya kunyanja kuno, magetsi akazima kapena mvula ikagunda foni n'kuduka muli pakati pa pot yaikulu, nthawi yanu ikatha makadi anu amatayidwa ndipo zomwe munaika kale zapita, saiti siibweza chifukwa vuto silawo. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti munthu wa ku Salima akuyamba masewera ali kale kumbuyo kuposa mnzake wa ku London amene wakhala naye tebulo imodzi, rake yofanana koma katundu wosiyana.

Kumbali ya malamulo, kuno njuga imayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, MAGLA, yomwe inabwera ndi lamulo la 2022 kuphatikiza mabungwe awiri akale a Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board. Mphamvu zawo zili pa makampani omwe anawapatsa laisensi. Saiti ya kunja ikakana kukupatsani ndalama zanu, kodandaula ndi ku bungwe la dziko lomwe linaipatsa laisensi, ndipo ngati dziko lathu silili pa mndandanda wa mayiko omwe saitiyo imalola ndiye inu munalowa mozemba ndi VPN, pulogalamu yobisa dziko lomwe muli, kapena ndi dzina la munthu wina, akhoza kutseka akaunti ndalama zili momwemo ndipo malamulo awo omwe munavomera aja amawalola. Izi zimachitika nthawi yotapa, poika ndalama palibe amene amakufunsani zambiri.

Chomwe ndingakupempheni achimwene ndi chakuti mutsegule mbiri ya maraundi anu, saiti iliyonse yolongosoka imasunga ndipo pansi pa raundi iliyonse pamalembedwa pot yonse ndi rake yomwe yachotsedwa. Tengani kope, lembani za mwezi umodzi, ndalama zomwe mwaika, zomwe mwatapa, rake, bandulo, ndi zomwe wapakati wadya, zonse mu kwacha. Anthu ambiri amakumbukira usiku omwe anawina n'kuiwala masiku ena onse, kope siliiwala. Mukapeza kuti mukanakhala pa phindu pakanapanda rake ndiye kuti masewera mukuwatha koma malo mukusewerawo ndi odula, yang'anani tsamba la rake la masaiti ena muyerekeze peresenti ndi cap pa mlingo omwe inu mumasewera osati wa akuluakulu, funsani za rakeback yomwe ndi gawo la rake lomwe amabwezera osewera, ndipo pewani matebulo othamanga kwambiri ndi timipikisano ta mphindi zochepa tokhala ngati lotale chifukwa mmenemo ndalama imazungulira msanga ndipo imadulidwa kambiri pa ola. Kusewera maraundi ochepa ndi makadi abwino okha kumachepetsanso rake chifukwa timapoti ting'onoting'ono tolimbirana chilichonse ndi tomwe timadulidwa mokwana. Koma mukapeza kuti olo titachotsa rake mukuluzabe, ndipo ndalama yake ikuchokera ku lendi, fizi ya ana kapena ngongole ya banki mkhonde, vuto si 40 senti ija ayi, ndipo masaiti a laisensi yeniyeni ali ndi poika malire a ndalama zomwe mungaike pa sabata kapena pa mwezi komanso podzitsekera nokha kwa miyezi ingapo, zimenezo zimapezeka mu akaunti momwemo ndipo salipiritsa.